Sinki yatsekanso: komwe vuto limabisala, ndi zoyenera kuchita pansi pa sinki

Sinki ikatseka kamodzi, si nkhani yoti munthu n'kusowa nayo tulo. Mwapopa, madzi atsika, mwaiwala. Yosowetsa mtendere ndi ija yoti mwaitsegula lero, pakangotha masabata atatu yayambanso: madzi otsukira mbale akungozungulira ngati akuganiza kaye kolowera, kenako akutsika mwaulesi n'kusiya mzere wa mafuta m'mbali. Yathu inachita zimenezi kwa miyezi yambiri, ine n'kumangothira mankhwala. Tsiku limene ndinagwada n'kumasula paipi m'pamene ndinadziwa kuti nthawi yonseyo sindinkachotsa kanthu. Ndinkangoboola kanjira pakati pa mafuta oundana, kanjira koti chala chaching'ono n'kulowa movutikira, ndipo kanjira koteroko sikachedwa kutsekekanso.

Paipi yotulutsa madzi a sinki ya kukhitchini kawirikawiri imakhala ya mamilimita 40, imene ena amati ya inchi imodzi ndi theka. Ikakhala yoyera, sinki yodzaza imatha madzi mukuyang'ana. Koma mafuta amalowa ali amadzimadzi chifukwa cha kutentha, ndipo akangoyenda pang'ono m'paipi yozizira amaundana n'kumatirira m'mbali. Pa mafutawo m'pamene pamakakamira mpunga, masamba a tiyi, zotsalira za khofi, ufa, ndi zonse zopalidwa m'mapoto. Sopo ndi laimu wa m'madzi zikasakanikirana nawo, chinthucho chimalimba ngati kandulo. Mu 2017, ku Whitechapel mumzinda wa London, anapeza chibuma cha mafuta ndi zinyalala cholemera matani pafupifupi 130, chotalika mamita 250, chitatseka ngalande ya pansi pa msewu. Cha pansi pa sinki yanucho ndi mdzukulu wake, kapangidwe kake n'kamodzimodzi.

Yambani ndi kufufuza pamene patseka

Musanagwire chida chilichonse, dziwani kaye mtunda. Sinki ikakhala yopanda madzi, tsegulani mpopi kwambiri n'kuyang'ana. Madzi akayamba kudzaza nthawi yomweyo, chotseka chili pafupi, mwina pasefa penipeni kapena m'paipi yopindika ija ili pansi pa sinki. Akamapita bwinobwino kwa kanthawi kenako n'kuyamba kubwerera, ndiye kuti amadzaza kaye paipi, ndipo chotseka chili patali, mwina m'khoma kapena kupitirira. Nthawi imene madzi amatenga asanabwerere imakuuzani kutalika kwake.

Sinki ya mbali ziwiri imaulula zambiri. Mbali imodzi ikatseka ina ikuyenda, vuto lili mapaipi ake asanakumane. Mukathira madzi mbali iyi n'kutulukira mbali inayo, vuto lili kutsogolo kwa pamene akumana. Ngati madzi a sopo amatumphukira m'sinki makina ochapira akamataya madzi, nkhani ndi yomweyo: paipi imene zonsezi zimagawana yachepa m'kati.

Tulukaninso panja. M'nyumba zambiri paipi ya kukhitchini imathira m'kadzenje kokhala ndi sefa m'mphepete mwa khoma. Kadzenjeko kakasefukira, musavutike ndi za pansi pa sinki, valani magolovesi mukatape matope ndi masamba kumeneko. Ndipo ngati bafa nalo likuchedwa kutsitsa madzi, chimbudzi chikulira mukagujumula, vuto si la kukhitchini ayi. Ndi paipi yaikulu ya nyumba yonse kapena thanki ya zonyansa yadzaza, ndipo apa mpofunika pulamba wokhala ndi ndodo zake zazitali.

Kupopa

Chida cha mphira chokhala ndi mpini chija amati plunger chimagwira ntchito, koma anthu ambiri amapopa mpweya m'malo mopopa madzi. Sinki zambiri zili ndi kabowo chakumtunda koletsa madzi kusefukira, ndipo kabowoko n'kolumikizana ndi paipi yomweyo. Mukakasiya kotsegula, mphamvu yanu yonse ikutulukira pamenepo. Katsekeni ndi chiguduli chonyowa, wina agwirire ngati alipo. Sinki ikakhala ya mbali ziwiri, tsekaninso bowo la mbali inayo. M'sinkimo mukhale madzi okwanira kumiza mphira yonse, ndipo poika plunger ipendeketseni kuti mpweya utuluke m'kati mwake. Popani mwamphamvu maulendo khumi ndi asanu kapena makumi awiri osadzutsa, ndipo muziika mtima pa kukoka kusiyana ndi kukankha, chifukwa kukoka kumagwedeza chotsekacho pomwe kukankha kokha kumangochipanikiza. Mwayesa katatu osasintha, lekani. Kupitiriza kumangogwedeza manati a pansi mpaka ayambe kudontha.

Kumasula paipi yopindika

Iyi ndi ntchito imene anthu amaiopa chabe. Pansi pa sinki pali chigawo chopindika ngati chilembo cha U, kapena chooneka ngati botolo, chimene mapulamba amachitcha trap. Ntchito yake ndi kusunga madzi pang'ono nthawi zonse, akuya pakati pa masentimita 5 ndi 10, ndipo madzi amenewa ndi amene amatchinga fungo la m'ngalande kuti lisakwere m'nyumba. Nzeruyi ndi yakale: Alexander Cumming, mmisiri wa mawotchi wa ku Scotland, analembetsa paipi yopindika ngati chilembo cha S, yogwira ntchito yomweyi, mu 1775. Koma poti madzi amaima pamenepo, zolemera zonse zimakhazikikanso pomwepo.

Tulutsani zonse za m'kabati, musanyengerere. Yalani nyuzipepala kapena chiguduli, ikani beseni kapena ndowa yaifupi pansi pa trap, ndipo tochi ikhale pafupi. Ngati m'sinki mwaima madzi, atapeni kaye ndi kapu, otsalawo muwatsekere ndi chotsekera chake, apo ayi onsewo akutsikirani m'manja nati ikangomasuka. Jambulani chithunzi ndi foni musanamasule chilichonse. Mudzandithokoza pobwezera.

Trap ya pulasitiki imagwiridwa ndi manati awiri akuluakulu omasula ndi manja. Gwirani paipi ndi dzanja limodzi kuti isapotoke, linalo lizimasula. Nati ikakana, ikulungeni ndi chiguduli chouma kapena valani golovesi ya mphira kuti dzanja lisaterereke. Sipanala ikhale yomalizira, ndipo mwaulemu, chifukwa pulasitiki yokalamba imang'aluka mosachenjeza. Ya mtundu wa botolo imamasuka kunsi ngati chivindikiro.

Chimene chituluke n'chakuda, chonanda, chonunkha ngati dzira lovunda. Mwanga munatuluka supuni yaing'ono imene tinaifunafuna mpaka kukayikira ana, timitengo totokosera m'mano, ndi kachidutswa ka siponji. Zinthu zoterezi ndi zimene zimasandutsa trap kukhala msampha, chifukwa chilichonse chodutsa chimakodwa pamenepo. Tsukani trap ndi madzi otentha, sopo ndi burashi yotsukira mabotolo mpaka muone pulasitiki yeniyeni m'kati. Ndipo poti ndinachita ndekha, ndinene: madzi a m'beseni aja musawathire m'sinki. Ine ndinanyamula beseni lodzaza, ndinaimirira, n'kulikhuthulira m'sinki momwemo trap ili pambali. Ndinangomva kuti khwaa m'kabati, mapazi onse nyowe. Kawatayeni kuchimbudzi kapena panja.

Musafulumire kubwezera. Apa m'pamene ambiri timalakwitsa, ndipo n'chifukwa chake vuto limabwerera. Trap ili pambali choncho, walitsani tochi m'paipi yopita kukhoma ija. Lowetsani chala. Mukapeza kuti trap inali yoyera ndithu koma paipiyo yadzaza mafuta m'mbali monse n'kungotsala kabowo pakati, mwalipeza vuto lenileni. Poyambira mungakokolole ndi supuni yakale kapena waya wopinda kunsonga, ndipo muzikokera kwa inu, osati kukankhira m'kati.

Kupitirira pamenepo pafunika waya wa mapulamba, wautali wopindika ngati sipuling'i, wokhala ndi chopukusira. Wa mamita 5 kapena kuposerapo amakwanira nyumba zambiri. Lowetsani pang'onopang'ono mpaka aime. Akaima, mwina wafika pokhota, mwina pachotseka. Pokhota pamamveka polimba, ndipo mukapukusa uku mukukankha pang'ono amadutsa n'kupepukanso. Pachotseka pamamveka ngati mukubaya sopo wonyowa. Pukusani mbali imodzi yokha, lowani pang'ono, bwererani, pukutani zomwe zakakamira, lowaninso. Kudutsa kamodzi sikukwanira, kumeneko n'kuboola kanjira kaja. Bwerezani kanayi kapena kasanu mpaka waya azituluka wopanda zonanda. Waya wa hang'ala amathandiza pafupi pokha, pokhota sadutsa, ndipo nsonga yake imatha kuboola paipi yachitsulo imene yadyeka ndi dzimbiri.

Mukabwezera zonse, dzazani sinki ndi madzi otentha osakaniza sopo wotsukira mbale, n'kutsegula kamodzi. Madzi ochuluka otsika nthawi imodzi amadzaza paipi yonse n'kukokolola zimene waya watakasa, pomwe madzi a pampopi amangoyenda pansi pa paipi. Chitani kawiri kapena katatu. Onani kuti ndati otentha, osati owira. Paipi wamba ya pulasitiki ya PVC sinapangidwire madzi opitirira madigiri 60 kwa nthawi yaitali, ndipo madzi owira ali pa 100. Ketulo imodzi yodutsa m'paipi yotseguka sivuta kwenikweni, koma madzi owira akaima m'paipi yotseka amaifewetsa, imapindika, ndipo molumikizira mumayamba kuchucha.

Za mankhwala

Soda wophikira ndi viniga amatchuka kwambiri chifukwa thovu lake limasangalatsa m'maso. Zoona zake n'zakuti ziwirizi zikakumana zimathetsana mphamvu, chotsala ndi madzi, mchere wina wake ndi mpweya. Zingachepetse kafungo, koma mafuta oundana a chaka chathunthu sizingawasunthe.

Kositiki soda ndi nkhani ina, ameneyo amadyadi mafuta, koma amadyanso khungu ndi maso. Akasungunuka m'madzi amatentha kwambiri, amawononga aluminiyamu, ndipo akakumana ndi mafuta ambiri popanda madzi okwanira omutsuka amawasandutsa sopo wolimba, paipi n'kutsekeka kuposa kale. Choopsa kwambiri n'chakuti sinki ikakana kutseguka, mankhwalawo amakhala ali phee mu trap kudikira munthu woti amasule nati nkhope ili pansi pake. Ngati mwathira kale, musapope ndi plunger, ndipo pomasula valani magolovesi ndi magalasi oteteza maso. Mukaitana pulamba, muuzeni asanagwire. Akakugwerani m'maso, tsukani ndi madzi oyenda kwa mphindi zosachepera 20 ndipo pitani kuchipatala. Musasakanize mankhwala awiri osiyana m'paipi imodzi, makamaka oyeretsera zovala okhala ndi kolorini pamodzi ndi viniga kapena asidi aliyense, chifukwa amatulutsa mpweya wa poizoni, ndipo inu mutu uli m'kabati. Ine ndinasiyiratu kugula mankhwalawa. Kumasula trap kumatenga mphindi khumi ndipo mumaona ndi maso chimene mwachotsa.

Ngati mwayeretsa koma ikubwererabe

Apa tsopano yang'anani kamangidwe ka mapaipi. Paipi yogona iyenera kutsetsereka kulowera kotulukira, pafupifupi masentimita 2 pa mita iliyonse. Ikagona mofanana, kapena ikakwera pang'ono polowa m'khoma, madzi amaima m'menemo usiku wonse, mafuta n'kuundana pamalo omwewo tsiku ndi tsiku. Ikani levulo pamwamba pake muone. Yanga inali italendewera pakati ngati chingwe choyanikira zovala chifukwa kogwirira kake kukhoma kanathyoka, ndipo m'mimba mwakemo ndi mmene munkadzaza. Kogwirira katsopano kamodzi kanathetsa vuto limene mabotolo ambiri a mankhwala analephera. Nthawi zina vuto limayamba mukasintha sinki n'kuika yakuya kuposa yakale: trap imatsika, bowo la m'khoma lili pomwe linali, ndiye madzi akufunika kukwera phiri. Pamenepo mpofunika kufupikitsa paipi yotsika kuchokera kusinki, ndipo ngati sizikukwanira, kutsitsa polowera m'khoma.

Chachiwiri ndi paipi yamakwinya ija yokoka ngati kodiyoni. Amaikonda chifukwa imafika paliponse popanda kudula kapena kuyeza, koma khwinya lililonse ndi shelefu ya zinyalala, ndipo imalendewera. Ngati ili pansi pa sinki yanu ndipo sinki imatsekatseka, ichotseni muike yosalala. Werenganinso makona. Kona iliyonse yokhota kwambiri imachedwetsa madzi, ndipo makona awiri a madigiri 45 amayendetsa madzi bwino kuposa imodzi ya 90. Wina akakhala kuti analumikiza ndi paipi ya mamilimita 32, imeneyo ndi ya sinki yosambira m'manja, kukhitchini ndi yaing'ono.

Pali vuto lina limene limanamizira kutseka. Sinki ikamalira kuti gubugubu pomaliza kutsitsa madzi, kenako fungo la ngalande n'kumamveka m'khitchini, kawirikawiri ndi nkhani ya mpweya. Madzi akamatsika amafuna mpweya wolowa kumbuyo kwawo, monga botolo lozondotsa limachitira. Ukasowa polowera, umakokedwa kudzera mu trap n'kuyamwa madzi otchinga fungo aja. Zimachitika paipi yopumira ya padenga ikatsekeka ndi masamba kapena chisa, kapenanso paipi ya sinki ikatalika kwambiri popanda popumira. Kavavu kolowetsa mpweya koika pansi pa sinki, kapena trap yokhala ndi kavavu kake, kamathetsa zimenezi. Koma yambani mwatsuka paipi, chifukwa paipi yochepa m'kati ndi mafuta nayonso imalira chimodzimodzi.

Kudontha pansi pa sinki

Mwabwezera trap, mwatsegula madzi, ndipo pansi pakugwa dontho. Musathamangire kumangitsa nati ndi sipanala. M'malumikizidwe amenewa chotseka madzi si mazinga a nati, ndi kamphira kozungulira kali m'kati. Kamphirako kali ndi mbali yopyapyala ndi yokhuthala: yopyapyala iloze kumene paipi ikulowa, yokhuthala itsamire nati. Mukakatembenuza, mungamange mpaka manja kutupa, kadontha basi. Kakauma, kakaphwatalala kapena kung'aluka, gulani katsopano, ndipo pokagula nyamulani kakaleko kuti muyerekeze kukula. Thepi yoyera ija yokulunga pamazinga ilibe ntchito pamanati awa, malo ake ndi pamazinga a mapaipi achitsulo obweretsa madzi.

Pomanga, yambani ndi kulowetsa manati onse momasuka, muwongole mapaipi kuti akumane okha popanda kukakamiza, kenako mumange mmodzimmodzi. Nati ikayamba kulimba mutangozungulitsa kamodzi, yaphonya mazinga. Bwererani, zungulitsani chobwerera mpaka mumve kuti yakhala, muyambirenso. Mphamvu ya dzanja ndi yokwanira. Paipi ikhale italowa mokwanira, osati kungogwira kunsonga, ndipo ngati mwadula yatsopano ndi sowo, palani m'mphepete mwake kuti musatsale timinga, chifukwa timinga timeneti timang'amba kamphira komanso timakola zinyalala.

Dontho limanama. Madzi amayenda m'mbali mwa paipi n'kukagwera kutali ndi pamene atulukira. Pukutani zonse ziume, kenako tengani pepala lofewa louma muzikhudza polumikizira paliponse kuyambira pamwamba kutsika. Pamwamba penipeni pamene pepala lanyowa ndi pamene pali vuto. Nthawi imene kukudonthako imathandizanso. Kukamadontha pokhapokha madzi akamatsika, ndi trap kapena mapaipi otulutsa. Kukamadontha sinki ikadzaza mutatsekera, ndi sefa ya pabowo la sinki: kamphira ka pansi pake katha, kapena sikuluwu ya pakati yamasuka. Imasuleni, palani zakale zonse mpaka chitsulo chiwale, ikani kamphira katsopano, ndipo ngati mtundu wake umafuna, pakani silikoni pang'ono pansi pa mlomo wa sefa. Kupaka silikoni kunja kwa polumikizira podontha n'kudzinamiza, amagwira masiku ochepa, ndipo wodzamasula mawa adzakutukwanani.

Kukamadontha usana ndi usiku ngakhale simukugwiritsa ntchito sinki, ndi mbali yobweretsa madzi, ndipo imeneyi ili ndi mphamvu, si yoseweretsa. Tsekani kavavu ka pansi pa sinki, kapena vavu yaikulu ya nyumba ngati palibe, n'kutsegula mpopi kuti madzi otsala atuluke musanamasule chilichonse. Timapaipi tofewa tolukidwa ndi waya topita kumpopi timatha ndithu. Mukaona dzimbiri, kutupa, kapena tiwaya tothothoka, sinthani msanga, chifukwa timeneti tikaphulika usiku madzi amayenda mpaka m'mawa. Pomanga katsopano gwirani ndi masipanala awiri, imodzi yogwira, ina yomanga, kuti kapaipi kasapotoke. Nthawi zinanso mapaipi onse ali bwino, koma madzi akulowera m'tsinde mwa mpopi kapena m'mphepete mwa sinki mmene silikoni wakale wamatuka. Thirani kapu ya madzi mozungulira mpopi wina akuyang'ana pansi ndi tochi.

Paipi ya makina ochapira kapena otsukira mbale yolumikizidwa ku trap ikwere kaye m'mwamba pafupi ndi thabwa la sinki isanatsikire polumikizira. Ikangoyenda chogona, madzi akuda a m'sinki amabwerera m'makina, ndipo mumadabwa kuti fungo likuchokera kuti.

Mapaipi omata ndi guluu samasuka, amafuna kudula ndi kulumikiza ndi zigawo zatsopano. Achitsulo akale amene nati yake yagwirana ndi dzimbiri amatha kuthyokera m'khoma mukalimbana nawo. Awiri amenewa, komanso kunyowa kwa khoma lenilenilo, ndi pamene ine ndimasiya n'kuitana pulamba. M'nyumba ya lendi, muuzeni mwini wake musanadule kanthu.

Paipi ikayera, chimene chimaisunga ndi zimene zimachitika mbale zisanalowe m'madzi. Mafuta otsala m'poto azizire, muwathire m'chitini kapena m'botolo n'kutaya ku zinyalala, ndipo poto wonona mupukute ndi pepala musanatsuke. Kuthira mafuta uku mukutsegula madzi otentha kumangowasamutsira patali, kumene waya wanu safika. Kasefa kakang'ono koika pabowo kamagwira mpunga ndi masamba a tiyi. Kamodzi pa sabata ndimadzaza sinki ndi madzi otentha a sopo n'kutsegula kamodzi, ndipo ndimamvetsera: ikakoka madzi mwamphamvu n'kupanga kamvuluvulu pabowo, m'kati muli bwino. Pansi pa trap ndinayalapo nyuzipepala youma, ndipo ndikamatenga sopo m'kabati ndimaigwira kaye ndi dzanja.